Chingwe Chopindidwa Katatu

Anzawo a kuntchito ankawatchula kuti a Sikweya, chifukwa khoma lililonse limene munthu wamanga, iwo asanayamikire kapena kudzudzula ankayamba atulutsa sikweya, kachitsulo koyezera kona, m'thumba la ovolosi n'kukagunditsa pakhomapo. Dzinalo linawakakamira moti ngakhale akazi awo akapsa mtima ankawaitana nalo. Anamanga nyumba zaka makumi anayi, kuyambira ali wokanda matope mpaka kufika pokhala kapitawo wa amisiri khumi ndi awiri, ndipo pa zaka zonsezo sanagwepo. Anadzagwa atakula kale, imvi zili mbuu, kuchoka pa sikafodi, nsanja yoimapo amisiri, yosatalika n'komwe, thabwa limene anapondapo litatembenuka. Fupa la ntchafu linathyoka pawiri. Kuchipatala anawaika chitsulo m'kati mwa mwendo, ndipo patapita masabata atatu anawabweza kunyumba ndi ndodo ziwiri komanso lamulo lakuti mwendowo usaponde pansi kwa miyezi iwiri.

Bedi lawo analisamutsira pabalaza chifukwa khomo la kuchipinda linali ndi sitepe. Pamenepo ankagona chagada tsiku lonse, akuyang'ana pawindo mpanda wa njerwa wa aneba, umene unayamba kupendekeka pa mzere wachitatu. Kale ankangoudutsa, tsopano unkawadwalitsa kuposa mwendo. Amisiri awo anabwera onse kudzawazonda sabata yoyamba, sabata yachiwiri anabwera awiri, kenako kunangoti zii. Anamva kuti kampani yaika kale kapitawo wina. Kuyambira pamenepo anayamba kukalipira tizinthu: tiyi wazizira, pilo wauma, wailesi ikusokosa. Akazi awo, amene pa zaka zonse za banja anali asanawaonepo pakhomo masana a Lachiwiri, anauza mchemwali wawo pafoni kuti dokotala anaiwala kuika chitsulo china pakamwa.

M'nyumbamo munatsala mwana mmodzi, mzime wawo wamkazi, amene anali m'chaka chomaliza ku koleji ya aphunzitsi. Chiyambireni kolejiyo bambo ake ankamuitana kuti Madamu, poyamba mongomuseka, kenako dzinalo linangokhala lake. Miyezi imeneyo ankayeserera kuphunzitsa masamu pa sekondale ina yapafupi, ndiye ankagona pakhomo. Tebulo lake lolembera linali pabalaza pomwepo, mapazi atatu kuchoka pa bedi la bambo ake. A Sikweya ankamunyadira mwanayo, koma za m'mabuku ake sankafunsa. Iwo sukulu anasiyira kalasi yachisanu, ndipo ankanena poyera kuti masamu ndi iwo samwerana madzi. Munthu akawakumbutsa kuti amawerengera pamtima njerwa za nyumba yonse osaphonya ndi wilibala imodzi yomwe, ankayankha kuti amenewo si masamu, ndi diso ndi chizolowezi basi.

Loweruka lina masana Madamu anakhala patebulo paja akuusa moyo. Kunatsala masabata anayi kuti mphunzitsi wa ku koleji abwere kudzamuonerera akuphunzitsa, ndipo malikisi a tsiku limenelo ndi amene akanagamula ngati wakhoza. Anali atamuuza kuti phunzirolo lisakhale la manambala okhaokha, ana amveko kumene nzeruzo zinachokera. Mutu wake unali lamulo la mbali zitatu zozungulira kona yowongoka, limene m'mabuku a sukulu limadziwika ndi dzina la Mgiriki wina wakale. Koma ku laibulale anapezako buku lokhuthala la mbiri ya masamu, ndipo chigawo china chinkanena za Amwenye akale, amene ankamanga maguwa a nsembe ndi njerwa n'kumayeza malo ake ndi zingwe ndi zikhomo. Lamulolo Madamu ankalidziwa ngati dzina lake. Chimene chinamuzunguza mutu ndi malangizo a zingwewo.

Anayamba kudandaulira mayi ake, amene ankasita zovala chapafupi, akumasulira za m'bukumo mokwiya. Anati anthuwo ankalankhula mwachidule ngati mawu akuwathera. Akuti ukhome zikhomo ziwiri, utenge chingwe chotalika kawiri mtunda wa pakati pa zikhomozo, umange mfundo zokolowekera kumapeto konse kuwiri, ndiye pa theka lachiwiri la chingwecho uike chizindikiro utasiya gawo limodzi mwa magawo anayi a thekalo kuchoka pakati. Ukakoloweka chingwe pa zikhomo n'kukokera chizindikirocho kumbali mpaka chingwe chikungike, ati kona yatuluka.

A Sikweya anali atatseka maso ngati agona.

"Bwereza pamenepo," anatero.

"Pati, ababa?"

"Pa chizindikiropo."

Madamu anabwereza. Bambo ake anaitanitsa ulusi wa m'kachitini kosokera ka akazi awo, mapini awiri ndi chivundikiro cha katoni ya nsapato. Anabaya mapiniwo pa katoni, anadula ulusi wotalika kawiri mpata wa pakati pawo, anaupinda pakati, anaupindanso, n'kuupindanso kachitatu. Atautambasula panaoneka magawo asanu ndi atatu ofanana. Anawerenga ndi chikhadabo, ndipo chizindikiro chinagwera pamene mbali ina yatsala ndi magawo atatu, inayo asanu. Pakati pa mapini panali pokwana magawo anayi.

"Firii, folo, faifi," ananong'ona.

Imeneyo inali njira imene anayambira nayo maziko a nyumba iliyonse pa moyo wawo: mamita atatu mbali iyi, anayi mbali iyo, ndipo tepi yoyezera ikawerenga asanu mopingasa, ndiye kuti kona yakhala bwino. Anaiphunzira kwa kapitawo wawo woyamba, bambo wapakamwa poipa amene ankaphunzitsa ndi makofi, ndipo zaka zonsezi ankangoganiza kuti njirayo inabwera ndi tepi, m'sitima imodzi ndi simenti. Koma apa panali munthu wopanda tepi, wopanda nambala iliyonse yolembedwa pachingwe, amene anaika zonsezo m'chingwe chimodzi.

"Amene ananena zimenezi ndi mmisiri," anatero. "Wakhalapo padzuwa ameneyu. Ndi wa liti?"

Madamu anayankha kuti akatswiri amasiyana pa zaka zenizeni, koma ambiri amati papita zaka zikwi ziwiri ndi theka kapena kuposa. A Sikweya anamuuza kuti awerenge bwino, mwina waonjezera ziro. Madamu anawasonyeza tsambalo. Iwo anayang'ana zilembo za Chingerezi zimene sankatha kuzitsatira bwinobwino, kenako anabwerera ku ulusi wawo, ndipo tsiku limenelo tiyi anazizira popanda wodandaula.

M'mawa mwake anaumirira kuti awatulutse panja. Anawakhazika pampando kuseri kwa nyumba, mwendo utatsamira pa ndowa yovundikira, ndipo analamula kuti chingwe choyanikira zovala chimasulidwe. Akazi awo anafunsa ngati Amwenye akalewo nawonso ankavutitsa akazi awo chonchi, koma anamasula, n'kukhomanso zikhomo okha ndi hamala, chifukwa Madamu ankamenya ngati akuopa kuti chikhomo chimva kuwawa. Anayeza, anadula, anamanga mfundo zokolowekera zija, anapinda katatu, n'kumanga kansalu kofiira pa chizindikiro. Madamu atakoka, a Sikweya anapereka sikweya yawo yaikulu kuti mayi ake aigunditse pa chingwe. Panatsala mpata woti chala n'kulowa.

Nkhope yawo inagwa ngati amene wagwidwa bodzayo ndi m'bale wawo. Anayang'ana chingwecho kuchoka chikhomo ichi kufika icho, kenako anayamba kuseka mpaka mwendo unawawa. Mfundo zija zinali zitadya chingwe. Iwo anayeza asanamange, pamene anayenera kumanga kaye n'kuyeza pambuyo, ndipo anati cholakwa chotere akanachita mmisiri wawo akanamubweza kokanda matope. Anasuntha chikhomo chimodzi kuti mtunda ufanane ndi theka la chingwe, Madamu n'kukokanso, ndipo sikweya inakhala pachingwe ngati inabadwira pomwepo.

"Sanalakwitse ndi iwo," anauza akazi awo. "Talakwitsa ndife."

Kuyambira tsiku limenelo Madamu akangofika kuchokera kusukulu, asanavule nsapato, bambo ake anali atafunsa kale za bukulo. Ankawerenga ndime imodzi n'kumasulira, iwo n'kumuimitsa. Anamva kuti malangizowo anthu ankawaloweza pamtima n'kumapatsirana pakamwa, mphunzitsi kwa wophunzira, n'chifukwa chake anali afupiafupi. Anamva za guwa lina lomangidwa ngati kabawi wotambasula mapiko, la mizere isanu yosanjikizana, mzere uliwonse njerwa mazana awiri ndendende, zina zamakona anayi, zina zosongoka, ndipo kukula kwa malo onsewo kunali koikika, kosaloledwa kupitirira kapena kuperewera. Madamu atawerenga kuti mipata ya pakati pa njerwa za mzere wapansi sinkaloledwa kukumana ndi ya mzere wapamwamba, a Sikweya anamenya matiresi ndi chikhatho. Anati zaka makumi anayi akhala akulalatira anthu za majoini okumana mpaka mawu kusasa, osadziwa kuti mlanduwo ndi wakale chotere. Masiku awiri otsatira anathera kujambula phiko la mbalameyo pa makatoni, akuyesa kupeza m'mene akanadulira njerwa zake, ndipo anavomera kuti akanapatsidwa ntchito imeneyo akanapempha sabata yoganiza.

Lamulo lenilenilo Madamu anawafotokozera ndi matailosi a pabalaza. Malo a matailosi atatu mbali zonse amadya matailosi asanu ndi anayi. Malo a anayi mbali zonse amadya khumi ndi asanu ndi limodzi. Ukaphatikiza akwana makumi awiri ndi asanu, amene ndi malo a matailosi asanu mbali zonse. Akalewo ananena kuti zimenezi zimachitika pa kona yowongoka iliyonse, ndipo anatchula manambala enanso ogwira ntchito yomweyo: faifi, thwelofu ndi satini, eyiti, fifitini ndi seventini. A Sikweya anawerengera pamtima, milomo ikuyenda, ndipo zonse zinatuluka. Firii-folo-faifi ankaiona ngati matsenga a tepi, chinthu chimene chimangotheka basi. Tsopano chifukwa chake anachiona pansi pa bedi lawo, m'matailosi amene anaika okha.

Koma chimene chinawagonjetseratu ndi china. Bukulo linati akalewo ankafuna kudziwa kutalika kwa chingwe chodutsa mopingasa m'malo a mbali zinayi zofanana, ndipo anasiya njira yake: tenga mbali imodzi, onjezera gawo lake limodzi mwa atatu, onjezeranso gawo limodzi mwa anayi a chimene waonjezeracho, kenako pa kachidutswa kotsirizako chotsapo gawo limodzi mwa makumi atatu ndi anayi. A Sikweya anasankha chipinda cha mamita atatu mbali zonse, chimene anachiyezapo kosawerengeka, ndipo ankadziwa kuti tepi imaima pang'ono kupitirira mamita anayi ndi masentimita makumi awiri ndi anayi. Anayamba: mamita atatu, kuonjeza mita imodzi akhala anayi, kuonjeza kota ya mita ndiye folo twente-faifi. Kochotsako anasiyira Madamu ndi foni yake, ndipo iye anati ndi mamilimita asanu ndi awiri ndi kanyenyeswa pamwamba. Yankho linagwera ndendende pamene tepi yawo inkaima.

"Mamilimita seveni," anatero a Sikweya. "Joini ya matope ndi teni. Anthu awa anakana kusiya kanthu kochepa kuposa joini, pa chipinda chathunthu. Ine ndikanati pulasitala idzabisa."

Tsiku lina Madamu anatenga tepi yawo n'kuwauza kuti ngakhale kalembedwe ka manambala ali pamenepo, koti ndi zizindikiro khumi zokha munthu n'kulemba nambala iliyonse, malo a chizindikiro n'kumanena kukula kwake, kanachokera ku India komweko. Kanabwera patapita zaka mazana ambiri kuchokera nthawi ya zingwe ija, kenako kanadutsa kwa Aluya n'kufalikira kwina konse. Ziro amene, anati, kumeneko n'kumene anayamba kumutenga ngati nambala yokhala ndi malamulo ake. Ndiye poti anali mwana wosakonda kukokomeza, anaonjeza kuti za kona zija anthu akale a mayiko ena ankazidziwanso, ena mwina kale kuposa pamenepo. Bambo ake anati zimenezo sizikuwadetsa nkhawa, aliyense amene kona yamuvutitsa mokwanira amafika pamenepo. Chimene iwo ankagoma nacho n'chakuti anthuwa anakhala pansi n'kukonza mawu oti wina adzamve iwo atapita. Iwo anaphunzitsa amisiri osachepera makumi asanu, ndipo panalibe ndi mmodzi yemwe amene anamuuzapo chifukwa chake. Ankangokuwa.

Kutatsala sabata imodzi, Madamu anawapempha kuti adzapite naye kusukulu tsiku loyesedwalo. Anakana asanamalize n'komwe kulankhula. Anati akataniko ndi ndodo ziwiri ndi Chingerezi chothyoka kuposa mwendo. Zoona zake n'zakuti pa ana awo anayi onse, pabwalo la sukulu ankalowapo pokhapokha akamamangapo kanthu; kumisonkhano ya makolo ankatumiza akazi awo, chifukwa akaima pamaso pa aphunzitsi lilime linkawauma. Akazi awowo ndi amene anathetsa nkhaniyo. Anati mwezi wathunthu nyumba yonse yakhala ikudya zingwe ndi zikhomo, zovala akuyanika pampanda ngati osamukira kumene, ndiye akapanda kupita adzawakweza okha pa wilibala. A Sikweya analola, koma anati sakalankhula liwu ngakhale limodzi. Madamu anati zimenezo zamukomera, poti woyesedwa ndi iye. Chimene akufuna ndi zingwe zawo, zikhomo, sikweya ndi nkhope yawo.

Mlamu wawo, amene anali ndi kagalimoto, anawanyamula Lachinayi m'mawa. Anawakhazika pampando pansi pa mtengo m'mphepete mwa bwalo la sukulu, atavala jekete limene linali litayamba kuwathina chifukwa chogona. Kudzera pawindo la kalasi ankamva mawu a Madamu, ndipo anadabwa. Sanali mawu amene ankawamva kunyumba. Anali olemera, osathamanga, ndipo ana ankakhala chete. Patapita kanthawi chitseko chinatseguka, ana oposa makumi asanu n'kukhamukira panja, ndipo pambuyo pawo panatuluka mphunzitsi wa ku koleji wodzayesa uja, mayi, wochepa thupi, wa magalasi, fayilo ili m'khwapa. Anapatsa a Sikweya moni mwaulemu n'kuyang'ana wotchi.

Madamu anagawa anawo m'magulu anayi, gulu lililonse chingwe chake, zikhomo ziwiri ndi kansalu kofiira. Kunali phokoso ngati pamsika. Ena ankakanganirana hamala, ena anapinda chingwe kanayi n'kuyambiranso. Koma gulu loyamba linatulutsa kona, lachiwiri ndi lachitatu chimodzimodzi, ndipo sikweya ikakhala bwino pachingwe anawo ankawomba m'manja ngati achinya chigoli. Pa gulu lachinayi mayi wodzayesa anapempha sikweya n'kugunditsa yekha. Panatsala mpata wooneka ngakhale uli chapatali. Mtsikana wina wa gululo ananena mokweza kuti ndiye kuti njira ya Amwenyeyi imagwira ikafuna, ndipo anzake anafa nacho chiseko.

Madamu anagwada n'kuwerenganso magawo a chingwe. Anali bwino. Anayang'ana mfundo, anayeza theka la chingwe pakati pa zikhomo, anakokanso. Mpata unali pomwepo. A Sikweya, ali pampando wawo, anali ataona kale vuto. Gululo linakhoma pafupi ndi mpopi, pamene nthaka inali yonyowa, ndipo ana akamakoka chingwe chikhomo chimodzi chinkawerama, akasiya chinkabwerera. Anafinya ndodo yawo mpaka zala kuwawa. Anaona thukuta likutsika m'khosi mwa mwana wawo, anaona mayi uja akulemba m'fayilo, ndipo mawu amene akanakuwa ali pa saiti, pamalo omangapo nyumba, anawabweza, poti analonjeza. Anatsokomola, koma m'phokoso limenelo palibe anamva.

Madamu anadzuka n'kusasa fumbi pa siketi. Anauza kalasi kuti wayang'ana zonse zimene akuzidziwa ndipo cholakwika sakuchiona, koma pabwalopo pali munthu amene wagwira ntchito imeneyi zaka makumi anayi. Anatembenukira kumtengo kuja.

"Ababa, mukuona chiyani chimene ine sindikuona?"

Maso onse anawagwera. Analoza chikhomo ndi ndodo.

"Chikhomo chako chikuwerama, Madamu. Pamenepo pansi m'ponyowa."

Anazula zikhomo n'kukakhoma pouma. Mayi wodzayesa anagwadanso yekha, siketi yake yabwino ili pafumbi, anagunditsa sikweya, anasuzumira, n'kugwedeza mutu. Mtsikana uja anati wabweza mawu ake.

Apo ndiye anawo anawazinga a Sikweya, ndipo lonjezo lija linathera pomwepo. Wina anafunsa ngati nyumba ya kona yopotoka imagwa. Anayankha kuti siigwa, koma denga, chitseko ndi matailosi zimakuulula mpaka udzamwalire. Wina anafuna kudziwa ngati chingwe chilichonse chingagwire ntchito, ndipo anawachenjeza za chingwe chotanuka, chimene chimanena zina m'mawa, zina masana. Anayankhula m'chilankhulo cha kunyumba, ndipo palibe anawaletsa. Potsiriza mayi wodzayesa anatseka fayilo yake n'kuwafunsa ngati pa zaka zonse zimene agwiritsa ntchito njirayi ankadziwa chifukwa chake imatheka.

"Ayi, mayi," anatero. "Ndadziwa mwezi uno. Wandiphunzitsa ndi uyu, iyenso wamva kwa anthu amene anapita kalekale. Sindikuwadziwa nkhope. Koma ndikanakumana nawo pa saiti, ine ndikanakhala wowagwirira chingwe."

Belu linalira Madamu asanabwezere ana m'kalasi. Lamulo lija sanalilembe pabolodi monga anakonzera, ntchito yokachitira kunyumba sanapereke, ndipo mphunzitsi wa phunziro lotsatira anaima pakhomo la kalasi atapinda manja kwa mphindi khumi zathunthu.

Zotsatira zinabwera patapita sabata. Madamu anakhoza, koma osati ndi malikisi apamwamba amene ankawafuna. Mayi uja anamudula malikisi chifukwa chosasunga nthawi komanso posatsiriza phunziro. A Sikweya atamva anaitanitsa jekete ndi ndodo, akuti akufuna akaonane naye mayiyo maso ndi maso. Madamu anaseka n'kuwauza kuti akhale pansi, mayiyo sanalakwe, iye anayeza chingwe koma nthawi sanaiyeze. Kenako anawapatsa kapepala kamene kanabwera limodzi ndi zotsatirazo. Mayiyo ankapempha ngati bambo aja angamukonzere zingwe zoti azikasonyeza ophunzira ake ku koleji. Mkwiyo unatha msanga. Anatuma akazi awo kukagula chingwe cha thonje, anawabweza kawiri chifukwa chimene anabweretsa chinkatanuka, ndipo anakonza zingwe zisanu ndi chimodzi, chilichonse anachiyesa okha kuseri kwa nyumba asanachikulunge.

Mwendo unapola, koma unafupika pang'ono, ndipo dokotala anawauza mosapita m'mbali kuti za sikafodi aiwale. Kampani inawaitananso kuti azipita masiku atatu pa sabata kukayeza maziko ndi kuyang'anira ntchito ya pansi. Amisiri anaona kuti akuluwo abwerera akutsimphina komanso akulankhula kwambiri. Munthu akalakwitsa kona ankamukhazika pa njerwa n'kumujambulira timabokosi padothi mpaka amve, moti ena ankati bola kukuwa kuja, kunkatha msanga.

Atamaliza koleji, Madamu anatumizidwa kukaphunzitsa kutali, ulendo wa tsiku lathunthu pa basi. Buku lija anabweza ku laibulale, koma masamba a chigawo cha India anawajambulitsa n'kupita nawo, ndipo Lamlungu lililonse masana ankaimba foni n'kuwerengera bambo ake ndime imodzi kapena ziwiri. Anali atafika pa akatswiri amene anabwera pambuyo pa anthu a zingwe aja: owerengera kayendedwe ka nyenyezi, ndi ena amene ankaphatikiza tizidutswa tomachepera-chepera topanda mapeto pofuna kuyeza chinthu chozungulira. Zambiri mwa zimenezi zinkawadutsa pamwamba, ndipo ankanena mosabisa kuti apa wawasiya. Koma Lamlungu lina Madamu anawauza za katswiri wina amene anawerengera kuti kuzungulira kwa chinthu chozungulira kumaposa kupingasa kwake kangati. Yankho lake linali katatu ndi kachidutswa, lolondola modabwitsa, komabe mwini wake anaonjeza kuti nambalayo ndi yongoyandikira. A Sikweya anamupempha kuti abwereze mawu otsirizawo. Anati munthu amene wayeza bwino chotero n'kuvomerabe yekha kuti sanafike penipeni, ameneyo angamusiyire saiti n'kupita kukagona.

Akazi awo analanda foni kuti afunse mwana ngati akudya mokwanira kumeneko. A Sikweya anatsala ndi chivundikiro cha ndowa pamiyendo, akuchizunguliza ulusi kachitatu kuti aone ngati nambalayo ituluke, poti maulendo awiri oyambawo sanafanane.